Zikhomo M'munda mwa Amayi

Fungo la penti ndinayamba kulimva m'munda, osati pakhoma la nyumba ayi. Mpaka lero ndikadutsa pamene anthu akupaka chitseko, mphuno zimandibwezera kumunda wa amayi, chakumtunda kwa mtsinje wa Thuchila, m'mawa wina wa Novembala mvula isanagwe. Kunkatentha koopsa. Phiri la Mulanje linali litabisala mu utsi wa moto wa m'tchire, nyenje zikulira m'mitengo ya mango mpaka makutu kuwawa, ndipo pakati pa mizere yathu panali pataima zikhomo zoyera mbee, penti akadali wamuwisi. Ndinakhudza chimodzi ndi chala n'kupukutira pa diresi langa la kusukulu. Bangalo silinachoke mpaka diresilo linang'ambika.

Ndinali ndi zaka khumi kapena kupitirirapo pang'ono, poti panalibe amene anazilemba. Chilala chachikulu chija chinali chitangodutsa kumene, ndipo njala inali isanatuluke m'nyumba zathu. Bambo anali ku Halale, kumene anapita kukafuna ntchito, choncho pakhomo tinalipo atatu: amayi, ine ndi mng'ono wanga Joyisi. Tinkadya gaga, makaka akuda ndi nkhungu, ndi kalongonda wofuna kuphikidwa tsiku lonse kuti aleke kuzunguza mutu. Koma kudenga, pamwamba pa moto, panali zisononkho khumi ndi ziwiri za chimanga, zakuda bii ndi mwaye. Joyisi ankaziloza akulira. Amayi ankangomutembenuza kuti ayang'ane kukhomo.

Chimanga chimenecho chinali mbewu. Amayi awo a amayi anabwera nacho kuchokera kwa Apwitikizi atachimangirira m'chiuno, pamene ankawoloka malire kuthawa ntchito yokakamiza. Njere zake zinali zazing'ono, zoyera, zolimba ndi zonyezimira. Mukachikonola chinkatulutsa mphale yambiri ndi gaga wochepa, ndipo anankafumbwe ankachilephera. Mabanja ambiri m'mudzi mwathu anali atadya mbewu yawo m'chilala muja, ndipo sindiwanena, njala ija siinali yamasewera. Koma amayi anali munthu woti akati ayi, ngakhale mugubuduzike pansi, ayi wakeyo sasuntha. Zisononkho khumi ndi ziwiri zija ndi zokhazo zimene zinatsala za mtundu umenewo kudera lathu lonse.

Amene anakhoma zikhomo zija anali mlangizi wa zaulimi, a Magombo, koma ife tinkawatcha a Chingwe chifukwa kulikonse ankayenda ndi chingwe cha mfundomfundo paphewa. Ankavala kabudula wa khaki, masokosi ofika m'mawondo, pensulo kukhutu, ndipo njinga yawo ankaipukuta asanapereke moni. Anati akuluakulu awo asankha munda wathu kuti ayeserepo mbewu yatsopano. Mundawo unali pafupi ndi msewu, wosalala bwino, komanso, tinene zoona, pakhomo panalibe mwamuna woti akane. Masiku amenewo malamulo a malimidwe anali pamoto, ndipo munthu ankatha kukagona kundende chifukwa cha mzere wokhota. Anaganiza kuti mayi wa ana awiri angoti zikomo.

Anadula chigawo chabwino kwambiri cha mundawo, chimene chinali ndi chulu pangodya. Anakoka chingwe chawo uku ndi uku mpaka panatuluka ndime khumi ndi zisanu ndi imodzi, mizere inayi yopingasa ndi inayi yotsika, ndime iliyonse mapazi asanu ndi awiri mbali zonse. Kenaka anatulutsa pepala. Papepalapo panali munda womwewo, koma waung'ono, wa mabokosi, ndipo m'bokosi lililonse munali chilembo. A chinali chimanga chathu chopanda manyowa, C chathu chothira manyowa, B mbewu ya boma yopanda manyowa, D ya boma ya manyowa. Popeza amayi sankadziwa kuwerenga, pepalalo anandipatsa ine, pamodzi ndi kathumba kosoka ka mbewu yawo. Anati tsiku logwa mvula sangapezeke minda yonse, ndiye wotsogolera kubzala ndikhale ine.

Pepala limenelo ndinalikonda, ndisaname. Ndinkalisunga m'buku langa la nyimbo, ndipo masana ndinkakhala pansi pa mango n'kumaliyang'ana ngati chithunzi cha bambo. Mzere woyamba unali A, B, C, D. Wachiwiri B, A, D, C. Tsiku lachitatu ndinaona chinthu chimene chinandiimitsa tsitsi: ukayenda chopingasa, chilembo chilichonse umakumana nacho kamodzi kokha, ndipo ukayenda chotsika, chimodzimodzinso. Palibe chimene chinkabwereza, palibe chimene chinkasowa. Ndinayesa kupanga langa pamchenga ndi timiyala, nthanga za mango, makala ndi masamba, ndipo linandivuta mpaka dzuwa kupendeka.

A Chingwe atabwera kudzasiya manyowa pangolo, ndinawauza zimene ndinaona. Anatsika panjinga, zimene sankachita polankhula ndi ana. "Waona bwino, Esinati," anatero. "Munda sufanana. Kuchulu kuli chonde, kumunsi kuno kuli mchenga. Ndiye mbewu iliyonse ilaweko zonse, kuti pokolola pasapezeke wonena kuti yapambana chifukwa cha malo." Anawonjezera kuti ndili ndi mutu wa masamu. Panalibe munthu anali atandiuzapo zotero chibadwire, ndipo tsiku limenelo ndinayenda mapazi osagunda pansi.

Amayi sanatengeke nazo. Madzulo ena tikuchokera kokumba chinangwa, anandiimika pakati pa zikhomo zija, iwo n'kutsamira mpini wa khasu.

"Taima pamene pepala lako likuti pakhale chimanga changa," anatero.

Ndinalowa m'ndime ya mzere wachiwiri, ndili nganganga ndi pepala langa.

"Kutsogolo kwako kuli chiyani?"

"B. Cha boma."

"Kumbuyo?"

"D. Cha bomanso."

"Nanga uku ndi uku?"

Ndinayang'ana papepala. Konsekonse kunali cha boma. Anandiyendetsa m'ndime zathu zonse zisanu ndi zitatu, ndipo panalibe ngakhale imodzi yogundana ndi inzake. Iliyonse inali yozingidwa.

"Ndiye chatha chimenecho," anatero amayi. "Chimanga chimakwatirana ndi mphepo, iwe. Ngayaye zikayamba kuthothola fumbi lake, changa chitenga mimba ya eni ake. Chaka chamawa ndidzapachika chiyani kudenga?"

Ine, ndi mutu wanga wa masamu uja, ndinapsa mtima. Ndinawauza kuti akukana chifukwa sadziwa kuwerenga. Mawu amenewo ndikuwamvabe m'kamwa mwanga, ndipo amandichititsa manyazi kuposa china chilichonse chimene ndinanenapo. Amayi sanandimenye. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi n'kunena kuti, "Eya, sindidziwa. Senza chinangwacho."

Sikuti amayi anachita mobisa kuyambira pachiyambi. A Chingwe atabweranso, amayi anawafotokozera zonse, mwaulemu, atagwada pambali pa njinga. Anati mbewu yawo ndi yochepa, ndipo akaigawa m'ndime zija sipatsala yokabzala kwina, komanso malo ena otalikira kumene mphepo singafike alibe. A Chingwe anakanda kumutu ndi pensulo. Anati akumva, koma pepala linachokera kumwamba ndipo iwo sangasunthe chilembo ngakhale chimodzi. Amayi anadzuka n'kusasa fumbi m'mawondo.

Mvula inagwa Lachisanu masana, yamabingu, yonunkhira dothi. M'mawa mwake amayi anatsitsa zisononkho zonse khumi ndi ziwiri, tinatonola m'lichero mpaka zala kutuluka matuza, ndipo tinakonzeka kupita kumunda. Ine ndinatenga pepala ndi kathumba ka boma. Amayi anandilanda kathumbako n'kukapachika kudenga pamene panali mbewu yawo, kosamasula. Tsiku limenelo tinabzala chimanga chathu m'ndime zonse khumi ndi zisanu ndi imodzi, njere zitatu paphando, amayi akukumba, ine ndikuponya, Joyisi akukwirira ndi kaphazi kake. Za manyowa zokha anatsatira pepala. Anandifunsa ndime zoti athire ndi zoti asiye, ndipo anachita ndendende, chifukwa anati pa manyowa alibe nawo mlandu. Ndinabzala ndikulira, koma ndinabzala.

Januwale ndi Febuluwale wa chaka chimenecho sindifuna kuwakumbukira kwambiri. Tinkadya kamodzi patsiku, nthawi zina masamba okhaokha a maungu opanda mchere. Kathumba ka boma kanali pomwepo pamwamba pa mitu yathu, kodzaza ndi chimanga chabwinobwino chokazinga, koma amayi anati si kathu. Kumunda kokha n'kumene kunali chimwemwe. Chimanga chinamera chonse, chinabiriwira, tinapalira, tinabandira, ndipo chiperoni chikatsika kuphiri masamba ankadontha madzi tsiku lonse. Ndime ya pachulu, imene papepala inali D, inatalika kuposa denga la nyumba yathu.

A Chingwe ankabwera Lachiwiri lililonse ndi ndodo yoyezera. Ankalowa ndime imodzi ndi imodzi, kuyeza, kulemba nambala m'bokosi lake. Munthu ameneyo bokosi lopanda kanthu linkamudwalitsa. Tsiku lina mvula inamupezera pa ndime ya khumi ndi chitatu, ndipo anamaliza zotsalazo madzi akuyenderera m'masokosi, pepala atalibisa m'chipewa. Nambala yolakwika ankaifufuta mpaka pepala kubooka. Ngayaye zitatuluka tsiku limodzi m'munda monse, ndinamuona ataima nthawi yaitali, akuyang'ana ndime ya B, kenaka ya A, kenaka ine. Ndinayang'ana nyerere pansi. Sanafunse kanthu, ndipo ine, amene ndinkafuna kuti andiyamikirenso, sindinaulule. Ndinali nditadyera limodzi njala ndi chimanga chija, ndipo tsopano chinali changanso.

Zinaululika mu Epulo, chimanga chitayamba kuuma. Kunabwera galimoto, ndipo munatuluka mzungu wa zaulimi, wamtali, wofiira m'khosi, a Chingwe ali pambuyo pake. Analowa m'ndime ya B, anasenda chisononkho chimodzi, n'kuchiyang'ana. Mbewu ya boma inali ya njere zazikulu zokhala ndi kadzenje pamutu. Iyi inali yaing'ono, yosalala. Anasenda china ku D, china ku B ina, makoko akuwaponya pansi, kenaka anayamba kulankhula Chingerezi chothamanga chimene a Chingwe anachimeza osamasulira. Anthu anali atadzaza kale m'mphepete mwa msewu. Mzunguyo analoza ine, poti ndi ine ndinapatsidwa pepala.

Amayi anandikankhira kumbuyo kwawo. "Mwanayu anawerenga bwinobwino," anatero. "Ndinakana ndine. Muwauze bwanawo kuti m'munda muno muli chimanga cha amayi anga chokhachokha." Anapita kunyumba osathamanga, anabwera ndi kathumba kaja, kakuda ndi mwaye, ulusi wake uli chisokere, n'kukaika pansi pafupi ndi nsapato za mzunguyo. "Yawo nayi. Awerenge ngati yaperewera njere." Panali mayi wina kumsewu amene anayamba kululutira, mwamuna wake n'kumutseka pakamwa.

Amayi anawatengera kukhoti, ndipo mlandu sunatenge nthawi. Anawauza kuti akavomera kubzala motsatira pepala chaka chotsatira, abwerera kwawo tsiku lomwelo. Amayi anati ayi. Anawalamula kukakhala kundende milungu itatu, ndipo anagamula kuti chimanga cha m'ndime zisanu ndi zitatu zimene zinayenera kukhala za boma chikololedwe n'kutengedwa. Ndime ya pachulu inali m'gulu limenelo. Pamene amesenjala ankawatenga, amayi anandikokera pafupi. Ndinkayembekeza kuti anena za Joyisi, kapena kuti tizikagona kwa mayi aang'ono. Iwo anati, "Mbewu imachokera pachulu. Zazikulu, zodzaza mpaka kunsonga, makumi awiri. Usadikire munthu."

Tsiku lokolola, lole inaima kumsewu. Kunabwera amesenjala awiri ndi anthu aganyu, ndipo a Chingwe anaimika mitengo itatu pakati pa munda n'kupachikapo sikelo ya mbedza ndi chiguduli. Anati ngakhale za mbewu zawonongeka, za manyowa zikhoza kudziwikabe, choncho ndime iliyonse iyezedwa payokha. Aganyu ankakolola, iwo ankayeza n'kulemba, matumba a ndime za boma n'kumapita kulole. Ine sindinadikire. Dzuwa lili pamutu, aganyu atasenza matumba kupita kumsewu kumene amesenjala ankakazinga chimanga chathu pamthunzi, ndinalowa m'ndime ya pachulu ndi nsalu ya amayi. Ndinasankha monga anandiuzira, kufinya chilichonse kunsonga, mpaka zinakwana makumi awiri. Potuluka ndinagundana ndi masokosi a a Chingwe.

"Zimenezo n'za ndime ya D," anatero. "Ziyenera kuyezedwa."

"Sindipereka."

"Esinati, bokosi langa likhala lolakwika."

"Likhale."

Ndinakumbatira mtolo wanga, mano ndili okonzeka. Ndinali nditatsimikiza kuti akangotambasula dzanja ndiluma, ndipo akandimange ngati amayi. Anandiyang'ana, anayang'ana sikelo, kenaka anati, "Chabwino. Lowa m'chigudulimo pamodzi ndi mtolo wakowo." Ndinalowa. Ndinalendewera m'mwamba ngati mbuzi ya pamsika, miyendo ili panja, iwo akuwerenga muvi wa sikelo. Kenaka anati ndiyezedwe ndekha. Mtolowo ndinauika pansi pa chiguduli penipeni, pamene ndikanaugwera akanati asunthe, ndipo anandiyezanso. Anatola kamtengo, analemba pansi nambala yoyamba, pansi pake yachiwiri, anachotsera, n'kupeza kulemera kwa zisononkho zanga osazikhudza n'komwe.

Aganyu atabwerera anakolola zotsala za pachulu, ndipo a Chingwe anaziyeza. Ine ndinali nditabisa mtolo wanga m'mapesi n'kukhalapo, koma maso anali papepala. Anagwadanso pansi, anaphatikiza nambala ya mulu ndi ya mtolo wanga. Anaiyang'ana nthawi yaitali. Anayang'ana kumsewu. Kenaka anafufuta zonse ndi nsapato, ndipo m'bokosi la pangodya analemba nambala ya mulu wokha. Lole itanyamuka anamanga sikelo yawo panjinga, osatsanzika. Sitinawaonenso, tinangomva kuti anawasamutsira kutali.

Amayi anabwera patatha milungu itatu, wapansi kuchokera ku boma, atametedwa mpala, ataonda mpaka mitsempha ya m'khosi kuonekera. Joyisi anawathawa poyamba. Anamwa madzi chikho chimodzi ali chiimire, kenaka anayang'ana kudenga. Ndinatsitsa zisononkho zija, ndipo anakhala pakhonde n'kusenda chimodzichimodzi, kuchitembenuza padzuwa, kupanikiza njere ndi chikhadabo. Zonse zinali zoyera, zosalala, zopanda kadzenje ngakhale kamodzi. Chimodzi anachiika pambali, akuti ndinanyengeka ndi kutalika koma mizere yake ndi yokhota, ndipo anauza Joyisi kuti akachikazinge. Zinazo anazimanga pamodzi. Ndinawaona akupukuta m'maso ndi nsonga ya nsalu, ndipo anati ndi utsi, chonsecho moto unali usanakolezedwe. Chaka chimenecho tinadya theka la zokolola zathu, ndipo pobzala anabwera amayi asanu ndi mmodzi a m'mudzi kudzapempha mbewu, aliyense ndi kambale kake.

Kwa zaka zambiri nkhani ya sikelo ndinkaikamba moseka. Ndinkauza anzanga kusukulu kuti a Chingwe, ndi pensulo yawo yonse ija, analephera kuphatikiza manambala awiri, anachita manyazi n'kufufuta ndi nsapato. Ndinkakhulupirira kuti tinawagonjetsa, amayi ndi kukana kwawo, ine ndi mano anga. Kenaka ndinakula, ndinaphunzira, ndipo ndinakhala mphunzitsi wa masamu kusekondale mpaka kupuma. Manambala oikidwa m'mizere yopingasa ndi yotsika aja ndinadziwa kuti amatchedwa matrikisi, ndi kuti pepala lija linakonzedwa mwanzeru ndithu, kungoti funso limene linkayankha silinali la amayi. Ndinadziwanso kuti pa zoyesa zotere matumba akafika amayezedwanso, n'kufananizidwa ndi pepala bokosi ndi bokosi. A Magombo akanalemba nambala yoona, thumba la pachulu likanaperewera, ndipo amesenjala akanabwera kudzayang'ana kudenga kwathu. Munthu uja sanalephere samu. Anaipeza bwinobwino, anaiona yekha, kenaka analemba yabodza ndi dzanja lake, ine nditakhala pa mtolo wanga ndikumuseka mumtima.